Chiletso cholowa ku Joni: kodi chingachotsedwe nthawi isanakwane?

M'midzi yathu ya ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota ndi mabanja ochepa amene alibe wawo ku South Africa. Malata a nyumba zambiri, fizi ya ana, ngakhale injini za maboti ena zidachokera ku Joni. N'chifukwa chake munthu akabwera kudzalira maliro kenako n'kumva kuti sangabwererenso, nkhawa imagwira mbumba yonse. Tiyeni tione chimene lamulo la kumeneko likunena, popeza mphekesera zachuluka.

Mmalawi amalowa m'dzikolo popanda viza, koma amapatsidwa masiku 30 okha, ngati mlendo osati wantchito. Kale munthu akapitiriza masiku ankalipira chindapusa pa chipata. Kuyambira mu Meyi 2014 zidasintha. Wopitiriza masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowa kwa chaka chimodzi. Akabwerezanso pasanathe miyezi 24 zimakhala zaka 2, ndipo wopitiriza masiku oposa 30 amaletsedwa zaka 5. Ambiri mwa abale athu amakhala miyezi kapena zaka, choncho chilango chawo n'chomalizachi. Chiletsocho chimaperekedwa potuluka, kaya pa Beitbridge kaya pa bwalo la ndege la OR Tambo, ndipo dzina limalowa m'kompyuta ya boma.

Komabe khomo silitsekeratu. Lamulo la Immigration Act la 2002, pa gawo 30, limalola munthu woletsedwa kupempha kuti chiletso chichotsedwe ngati pali chifukwa chomveka. Pempho limapita ku unduna wa Home Affairs. Wopempha amalemba kalata yofotokoza chimene chidamuchedwetsa, n'kuphatikizapo pepala limene adapatsidwa pa chipata, masamba a pasipoti, ndi umboni: kalata ya dokotala ngati adagonekedwa m'chipatala, kapena lisiti yosonyeza kuti adapempha kuwonjezera masiku koma yankho lidachedwa. Apa mpamene ambiri timagwera. Pepala la pa chipata lija ena amalitaya m'basi chifukwa cha mkwiyo, osadziwa kuti ataya chiyambi cha pempho lawo. Ndipo tinene mosabisa kuti mawu akuti "ndinkafuna ntchito", ngakhale ali oona, si chifukwa chimene akuluakulu a kumeneko angachimvere msanga. Kuchotsa chiletso ndi chifundo cha boma, si ufulu wa wopempha.

Pali gulu lina limene vuto lake n'lalikulu kuposa apa. Gawo 29 limatchula anthu oletsedweratu, ndipo mwa iwo muli amene adathamangitsidwapo m'dzikolo, monga odzera ku Lindela, komanso aliyense wopezeka ndi viza, pasipoti kapena chiphaso chachinyengo. Chiletso chimenechi chilibe tsiku lothera. Chimachoka pokhapokha mkulu wa Home Affairs atavomera kuti pali chifukwa chokwanira. Tsono taganizirani chizolowezi chija chopatsira pasipoti munthu wa pa basi kuti akadinditse ku malire mwini wake ali ku Durban kapena Cape Town. Chidindocho chikapezeka kuti n'chabodza, munthu amene akadangodikira zaka 5 akhoza kulowa m'mlandu wa chinyengo. Ndalama walipira yekha, dzina waipitsa lake.

Mayiko ena ali ndi njira yapakati. Ku Canada, munthu amene lamulo likumukaniza kulowa angathe kupatsidwa chilolezo cha kanthawi chotchedwa Temporary Resident Permit, ngati chifukwa cha ulendo wake chikulemera kuposa chiopsezo chimene angabweretse. Chilolezocho sichifafaniza mlandu, chimangotsegula khomo kwa nthawi yoikika. Ife tikuona kuti nzeru imeneyi ndi yabwino. Bambo amene mkazi wake wagonekedwa ku Johannesburg sakufuna kukhazikika, akufuna milungu iwiri yokha. Kumuuza kuti adikire zaka 5 n'kumukankhira ku mtsinje wa Limpopo usiku, komwe kuli ng'ona ndi achifwamba.

South Africa nayo idasonyezapo kuti ikafuna imapeza njira. Mu 2009 idavomereza zopereka zilolezo zapadera kwa anthu a ku Zimbabwe, zimene pambuyo pake zidatchedwa ZEP, ndipo anthu a ku Lesotho adalandiranso zawo. Boma litafuna kuthetsa ZEP, khoti la ku Pretoria lidagamula mu Juni 2023 kuti lidalakwitsa posamva kaye maganizo a eni ake. Amalawi sadapatsidwepo dongosolo lotere, chikhalirecho agogo athu adakumba nawo migodi ya golide m'masiku a Wenela. Iyi ndi nkhani yoti aphungu a m'mbali mwa nyanja aziikumbutsa boma lathu likamakambirana ndi Pretoria, osangodikira mabasi obweza anthu chipwirikiti chikabuka.

Pakadali pano, banja limene mwana wawo waletsedwa lisathamangire kugulitsa munda kapena ukonde kuti lilipire "ejenti" wolonjeza kufufuta dzina m'kompyuta. Palibe munthu wa pa depoti amene ali ndi mphamvu imeneyo. Kupanga pasipoti yatsopano ndi dzina lina nakonso ndi mlandu kuno kwathu, ndipo masiku ano akuluakulu a malire amatha kuzindikira munthu ndi zidindo za zala. Funsani mwanayo tsiku limene adalowa, tsiku limene adatuluka, ndi pepala limene adapatsidwa. Ngati pali umboni wa matenda kapena wa pempho lochedwa, alembe kalata. Ngati palibe, werengani zaka kuchokera pa tsiku la chiletso, ndipo banja likambirane za chimene angagwire kuno kumudzi kufikira tsikulo.