Mendulo za asilikali: ulemu wa pabwalo ufike ndi kumudzi

Pa 25 Sepitembala chaka chilichonse dziko la Moçambique limakumbukira tsiku la asilikali ake. Ndi tsiku limene nkhondo yomenyera ufulu inayamba mu 1964, pamene ankhondo a Frelimo anathira nkhondo ofesi ya Apwitikizi ku Chai, m'chigawo cha Cabo Delgado. Pa masiku a chikumbutso ngati limeneli boma limaveka anthu mendulo. Ina ndi Ordem Militar 25 de Setembro, ina ndi ya omenyera ufulu akale, yomwe yavekedwa kwa akuluakulu ambirimbiri m'zigawo zonse.

Kwa alimi a m'boma la Milange nkhaniyi yayandikira kuposa kale. Mu Disembala 2023 nyumba ya malamulo ku Maputo inavomereza kuti nthawi yotumikira ku usilikali ikwere kuchoka pa zaka 2 kufika pa zaka 5, ndipo kwa magulu apadera ifike zaka 6. Mnyamata wa ku Mongue kapena ku Majaua akaitanidwa, banja lake lilima, kupalira ndi kukolola kasanu popanda khasu lake. Ena mwa anyamata otere amatumizidwa ku Cabo Delgado, kumene zigawenga zakhala zikupha anthu kuyambira pa 5 Okutobala 2017, pamene zinalowa mu Mocímboa da Praia. Makolo ali ndi chifukwa chofunsira kuti ulemu umene dziko limapereka kwa msilikali wolimba mtima umafika pati.

Chitsanzo chounikira funsoli chili kutsidya kwa malire, ku Malawi. Mu Novembala 2018 asilikali a Malawi ndi a Tanzania, otumikira pansi pa bungwe la United Nations, ankamenyana ndi gulu la ADF pafupi ndi Beni, kum'mawa kwa Congo. Msilikali wa Tanzania, Ali Khamis Omary, anavulala nagwa pamalo pomwe zipolopolo zinkavumba. Mmalawi wina, Chancy Chitete, anamukokera pobisika, ndipo ali mkati momuthandiza mabala anawomberedwa n'kufa. Omary anapulumuka. Pa nkhondo imeneyo panafa Amalawi 6 ndi Mtanzania mmodzi.

Pa 24 Meyi 2019, ku New York, mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, anapereka kwa mkazi wa Chitete mendulo ya Captain Mbaye Diagne. Menduloyi inakhazikitsidwa mu 2014 pokumbukira msilikali wa ku Senegal amene anapulumutsa anthu mazanamazana ku Rwanda mu 1994 asanaphedwe. Chitete anali woyamba kuilandira pambuyo pa mwini dzinalo.

Chimene chinapatsa mendulo imeneyi kulemera ndi chakuti zonse zinanenedwa poyera: dzina la munthu, malo, chimene anachita ndi amene anamupulumutsa. Banja linaitanidwa, dziko lonse la Malawi linamva. Ana a sukulu angathe kufotokoza chifukwa chimene Chitete analemekezedwera.

Ku Moçambique zinthu zimayenda mosiyana. Akuluakulu a asilikali salengeza kawirikawiri maina kapena chiwerengero cha omwe agwa ku Cabo Delgado. N'zoona kuti nkhondo ili ndi zinsinsi zake, ndipo mdani sauzidwa zonse. Koma kubisa kotere kuli ndi mtengo wake. Pamene Mocímboa da Praia inalandidwanso mu Ogasiti 2021, patangopita mwezi umodzi asilikali a Rwanda atafika, dzina limene linamveka kwambiri pa mawailesi a kunja linali la Rwanda. Asilikali a dziko lino, amene anali atakhala m'nkhalango zimenezo kwa zaka pafupifupi 4, anatsala opanda nkhope. Ngati dziko silitchula amene anachita bwino, anthu amangotsala ndi nkhani za amene anathawa kapena anazunza anthu wamba, pakuti zimenezo ndiye sizichedwa kufala.

Milange ikudziwanso kuti ulemu umatha kusankha. Kumapeto kwa Sepitembala 1986 ankhondo a Renamo analanda tauni ya Milange. Anthu anawolokera ku Muloza ndi kumidzi ya ku Mulanje, minda ya tiyi inasanduka tchire, ndipo boma linabwereranso m'tauniyi mu 1988. M'zaka za nkhondoyo Malawi inasunga othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni. Mbali zonse ziwiri zinali ndi ana a m'midzi yomweyi, ambiri otengedwa mokakamiza. Nkhondo itatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anabwerera kumakasu awo. Lamulo la omenya nkhondo akale la 2011 limazindikira magulu awiri: omenyera ufulu, ndi omwe anateteza dziko ndi demokalase. Komabe pa zikondwerero, gulu loyambalo ndi limene limaonekera kwambiri. Ankhondo a Renamo oposa 5,000 amene anatula zida potsatira pangano la pa 6 Ogasiti 2019 anadikira mpaka 2023 kuti boma livomereze penshoni yawo.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mendulo ndi umboni wakuti dziko lili ndi ngongole kwa munthu. Ngongoleyo imabwezedwa ndi penshoni yofika pa nthawi yake, mankhwala ndi mwendo woikira kwa wovulala, sukulu ya ana amasiye, ndi uthenga wa maliro wofika kwa abale mwaulemu, osati kuumva pa WhatsApp. Izi zikasowa, chitsulocho chimangogona m'sutikesi pamodzi ndi makadi a ubatizo, pomwe mkazi wamasiye akugulitsa nandolo ndi chimanga chake motchipa pamalire kuti apeze ndalama ya ulendo wotsatira mapepala.

Pali zinthu zitatu zimene mabanja angayang'anire boma la Pulezidenti Daniel Chapo likamaveka mendulo. Choyamba, ngati asilikali wamba akutchulidwa maina pamodzi ndi zimene anachita, osati akuluakulu a maudindo okha. Chachiwiri, ngati mabanja a omwe anafa akuitanidwa ndi kulandira zimene lamulo limawapatsa. Chachitatu, ngati mapepala a penshoni angathere ku ofesi ya boma ku Milange konkuno, m'malo moti nkhalamba iyende makilomita oposa 300 kupita ku Quelimane.

Kalembera wa usilikali amachitika m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nthawi ya kupalira. Mnyamata wa zaka 18 akamapita kukalembetsa amadutsa pakhomo pa msilikali wakale wa m'mudzi mwake, ndipo amaona yekha mmene munthuyo akukhalira.