Tikunenerera Moyo Wathu pa Likhubula

Mafashoni a kukwera mapiri afika ku Lilongwe, ndipo ine ndilibe nawo vuto. Loweruka lililonse status ya WhatsApp ya munthu wa ku Area 43, ku 10 kapena ku 47 imakhala ndi ndodo m'manja, botolo la madzi ndi mitambo kumbuyo. Nkhoma, Bunda, Dedza, ndipo amene thumba lawalola amatsika M1 pa ulendo wa ku Mulanje. Zimenezi n'zabwino, kusiyana n'kutha Loweruka lonse pa Bwandilo. Dziko ndi lathu, tizilidziwa ndi mapazi athu.

Chimene chikundinyansa ndi khalidwe limene tikupita nalo kumeneko. Munthu yemwe sanafunsepo kuchotseredwa mtengo wa mafuta pa filling station, yemwe amalipira bilu ya ku City Centre osaiwerenga n'komwe, akafika pa Likhubula amasanduka katswiri wonenerera. Gaidi akatchula mtengo wake, kuyankha kwake n'kwakuti, "Aaa achimwene, ife si azungu." Ena amafika ponena kuti gaidi ndi wosafunika, foni ili ndi mapu. Ndikunena mosapsatira mawu: kumeneku n'kudyera anthu masuku pamutu, komanso n'kusewera ndi moyo. Ndipo akuchita zimenezi ndi ife ophunzira, ife amene timalemba ma thread aatali onena za chilungamo.

Tiyeni tione kaye ulendowo mmene ulili, chifukwa ambiri amaudziwira pa zithunzi. Ulendo wa tsiku limodzi wodziwika kwambiri umayambira pa ofesi ya nkhalango ya Likhubula, mukapatuka pa Chitakale kulowera msewu wa ku Phalombe. Kuchoka pamenepo kukafika pa chidikha cha Chambe pali njira ziwiri. Ya Skyline ndi yachidule koma yoimirira, masitepe a miyala okhaokha, dzuwa likukuwotchani pamsana. Ya Chapaluka ndi yotalikirapo, imatsata chigwembe cha mtsinje wa Likhubula m'nkhalango, kudutsa kufupi ndi Dziwe la Nkhalamba, ndipo mumawoloka madzi. Njira iliyonse imene mungasankhe, mukukwera pafupifupi mamita 1,000, maola atatu kapena anayi kwa munthu wamphamvu zake, kenako muyenera kutsika tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Kutsikako ndiye kumene mawondo amayamba kunjenjemera ngati a mwana wa ng'ombe wobadwa kumene. Treadmill ya ku gym siikuphunzitsani zimenezi.

Ndiye pali nkhani ya mwala ndi madzi. Kuli mapiri ena kunjaku a mwala wa laimu, umene uli ndi ming'alu ndi mapanga, mvula ikagwa madzi ambiri amalowa pansi. Mulanje ndi wa mwala wolimba wa mtundu wa granite ndi syenite, ndipo mbali zambiri ndi thanthwe lopanda dothi. Mvula ikagwa pamwamba madzi samira, amatsetsereka onse nthawi imodzi kuthamangira m'makwawa. Inu mukhoza kukhala m'munsi, kumwamba kuli ngwee, mukujambulitsa pamwala pakati pa mtsinje, osadziwa kuti kumtunda yagwa kale. Kamtsinje kamene munakadumpha m'mawa mukuseka kakhoza kukutsekerani njira masana. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Onjezerani chiperoni, nkhungu yozizira ija yochokera mbali ya ku Mozambique, imene imakonda miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti, nthawi yomweyo imene ife timati ndi yabwino kukwera phiri. Ikatsika, mnzanu amene ali mapazi khumi patsogolo simumuonanso, ndipo thanthwe lonyowa limaterera ngati therere.

Tsono kadontho ka buluu ka pa foni yanu kakuuzani chiyani pa zonsezi? Kakuuzani pamene muli, ngati batire sinathe ndi kuzizira komanso mavidiyo a TikTok. Sikakuuzani kuti mtambo uwo wakhala moipa, tibwerere. Sikakuuzani kuti mwala uwu ndi wondengadenga, pondani apa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri a kummwera, anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo Mulanje ndi Phalombe anali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Zipsera za zigumukire zija zikuonekabe m'mbali mwa phirilo, makwawa ena anasintha. Amene akudziwa mmene njira ilili lero ndi munthu amene wadutsamo sabata yatha, osati mapu amene mlendo wina anaika pa intaneti zaka zapitazo.

Mwina mukuti ndikukuopsezani. Chabwino, tiyeni titchule mayina. Mu 1949 Fred France, mkulu woyang'anira nkhalango paphiripo, munthu wolidziwa phirilo, anakokoloka ndi madzi powoloka mtsinje wosefukira m'chigwembe cha Ruo. Laurens van der Post, amene anali naye paulendowo, analemba za imfayi m'buku lake la Venture to the Interior, ndipo kanyumba kena pa Chambe mpaka lero kamatchedwa ndi dzina la France. Mu Julaye 2009 Gabriel Buchmann, mnyamata wa ku Brazil wa zaka 28, wophunzira bwino za chuma, anasiyana ndi gaidi wake n'kulunjika yekha pa nsonga ya Sapitwa, ya mamita 3,002. Nyengo inasintha. Thupi lake linapezeka patapita masabata oposa awiri, atafa ndi kuzizira. Mnzake Fellipe Barbosa anapanga filimu ya nkhaniyi imene inaonetsedwa ku Cannes mu 2017. Zaka 28, digiri m'thumba, kudzidalira. Ndikamawerenga za iyeyu ndimaona nkhope za anthu amene ndimakhala nawo pa tebulo limodzi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndipo dziwani kuti munthu akasowa kapena akathyoka mwendo paphiri paja, musayembekezere kuti helikopita ingotulukira ngati m'mafilimu. Amene amayamba kukwera usiku ndi matochi, amene amakunyamulani pa machira kutsika masitepe a Skyline, ndi anthu omwe aja munawanenerera m'mawa. Taganizani kaye pamenepo. M'mawa munamuuza kuti mtengo wake wakwera, madzulo khosi lanu lili pa phewa lake.

Ndikudziwa zimene mundiyankhe, chifukwa ndazimva kambirimbiri.

Choyamba mumati zinthu zavuta, aise. Zoona. Kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo tonse tinamva kuwawa. Koma kodi kugwako kunathera pa Kanengo? Thumba la chimanga limene gaidi amagula, fetereza, fizi ya mwana wake, sopo, zonsezo zinakwera chimodzimodzi. Ulendo wochoka ku Lilongwe kukafika ku Mulanje ndi makilomita oposa 350, kupita kokha. Mwathira mafuta, mwalipira pa toll gate, mwalipira malo ogona, mwagula nsapato zatsopano zoti zioneke bwino pa chithunzi. Pa onse amene mwawalipira panjira, mwasankha kukhwimitsira dzanja munthu mmodzi yekha, yemwe alibe risiti, alibe loya, alibe tsamba la Facebook loti akakuyalutsenipo. Kumeneko si kusunga ndalama. N'kusankha wofooka.

Chachiwiri mumati phirili ndi lathu, ndine Mmalawi, ndilipirirenji ngati mzungu? Pakhomo lolowera kunkhalango, funso la mtengo wa nzika ndi mlendo ndi lomveka, ndipo likafunsidwe ku boma. Koma gaidi ndi pota sakukugulitsani phiri. Akukugulitsani tsiku lawo, miyendo yawo ndi nzeru zawo. Chikwama cha makilogalamu 15 sichipepuka chifukwa mwini wake ali ndi chiphaso cha unzika. Ndipo pali chinthu chochititsa manyazi m'mawu aja akuti "ife si azungu": tikuvomereza ndi pakamwa pathu kuti ulemu ndi malipiro oyenera ndi zinthu zimene Mmalawi aziyembekezera kwa mlendo, osati kwa m'bale wake. Timakwiya tikamawerenga mabuku a atsamunda mmene mzungu amakhala ndi dzina, mbiri ndi maganizo, pamene onyamula katundu amangowerengedwa ngati mitu. Tsono tsegulani Instagram yanu. Pa zithunzi khumi za ku Chambe, gaidi akuoneka pa zingati? Mwamutchula dzina? Nthawi zambiri iye ndi amene anagwira foni n'kukujambulani, ndiye chifukwa chake mulibemo. Mawu a pansi pa chithunzi akuti mwagonjetsa phiri. Mwagonjetsa ndi ndani?

Chachitatu mumati magaidi ena ndi akamberembere, amakweza mitengo akaona galimoto yabwino, ena sadziwa n'komwe ntchito. Alipo, ngati mmene alili m'ntchito iliyonse, kuphatikizapo zathu za m'maofesi. Mankhwala ake ndi osavuta: pitani pa ofesi ya nkhalango, tengani gaidi wodziwika pamenepo, funsani mtengo wokhazikika, gwirizanani musananyamuke, lipirani wonse. Kuipa kwa mmodzi sikukupatsani chilolezo chodula malipiro a onse, ndiponso sikukupatsani nzeru zoyenda nokha m'nkhungu.

Ngati mukukayikabe kuti anthuwa ndi akatswiri, kaoneni mpikisano wa mapota umene umachitika paphiripo. Amanyamuka pa Likhubula, kukwera Chambe, kudutsa ku Lichenya, n'kutsikiranso pa Likhubula, makilomita oposa 20 a miyala ndi zitunda. Opambana amamaliza m'maola awiri ndi mphindi zowerengeka. Mtunda umenewo ife a mawotchi owerenga mapazi tingauyende kuyambira m'bandakucha mpaka mdima, mwinanso kugona panjira. Kumayiko ena munthu wa mphamvu ndi luso lotere amakhala pa chikuto cha magazini. Kuno timamupatsa chikwama, cooler box ndi sipika, kenako n'kumufunsa ngati sangatichotsereko pang'ono.

Nkhaniyi ikupitirira pa ulemu wa munthu mmodzi. Mulanje ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, mwachilengedwe umamera paphiri lokhali padziko lonse lapansi, ndipo watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha macheka ndi moto. Madzi a mtsinje wa Likhubula amafika mpaka m'mipopi ya ku Blantyre. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, makamaka chifukwa cha chikhalidwe ndi zikhulupiriro za Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe olizungulira, ndipo tonse tinagawana nkhaniyo monyadira. Koma mnyamata wa m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri ali ndi njira zochepa zopezera ndalama: kuthyola tiyi, kaulimi kochepa, kunyamula matabwa kapena makala, kapena kuperekeza alendo. Pa zonsezi, kuperekeza alendo ndi ntchito imene imafuna kuti nkhalango ikhalebe chiimire. Tikaisandutsa ntchito yosapindulitsa, tisadabwe akasankha nkhwangwa. Sindikunena kuti ife a hiking ndi amene tatha mikungudza. Akuluakulu a malonda a matabwa ndi ziphuphu zawo ali ndi mlandu waukulu kuposa pamenepo. Koma simungalembe za kusintha kwa nyengo Lolemba, Loweruka n'kukafinya munthu yekhayo amene amadya chifukwa choti mtengo sunadulidwe.

Kunyoza komweku kumaonekeranso m'njira. Mabotolo a pulasitiki pa Dziwe la Nkhalamba, mapepala a mabisiketi m'ming'alu ya miyala, sipika ikulira m'chigwembe ngati tili pa braai ya ku 43. Gaidi akanena kuti malo ano anthu amawalemekeza, tsitsani mawu, timaseka kuti ndi zamizimu, zachikale. Simukukakamizidwa kukhulupirira mizimu ya paphiri. Koma mukalowa m'tchalitchi cha mpingo umene si wanu mumavula chipewa, eti? Ndipo ambiri mwa malangizo amenewa, osayenda wekha, osachita phokoso, osatsutsana ndi nyengo, ndi omwewo amene akhala akusunga anthu amoyo paphiripo kuyambira kale, mapu a pa foni asanabwere.

Inu okonza maulendo a magulu, amene mumalengeza pa WhatsApp kuti mipando yatsala isanu, mawu awa ndi anunso. Anthu makumi awiri gaidi mmodzi, kuti phindu lichuluke, ndi ngozi imene ikungodikira tsiku. Gulu likamakwera limatalikirana, othamanga patsogolo, otopa kumbuyo, ndipo munthu mmodzi sangakhale mbali zonse ziwiri. Lembani poyera pa chilengezo chanu kuti magaidi ndi angati ndipo akulandira zingati. Ife olipira tizifunsa funso limeneli tisanatumize ndalama pa foni, monga mmene timafunsira ngati chakudya chilipo.

Zopempha zanga ndi zochepa. Ngati bajeti yanu siikwana kulipira gaidi mokwanira, ndiye kuti siikwana ulendo wa ku Mulanje. Sungani mwezi wina, phiri silithawa. Nyamukani m'mawa kwambiri. Tengani juzi ndi chovala cha mvula ngakhale kunja kutacha bwanji. Katundu amene mwapatsa pota akhale woti inunso mungathe kumunyamula kwa mphindi khumi. Chakudya chimene mukudya pamwamba, nayenso adye. Zinyalala zanu mutsike nazo. Mufunseni dzina, ndipo akalola, mulilembe pansi pa chithunzi. Koposa zonse, akayang'ana kumwamba n'kunena kuti, "Bwana, apa tibwerere," musayambe kumuwerengera makilomita amene mwayenda kuchokera ku Lilongwe. Tembenukani, muzitsika.