Matiresi otha asathere pamoto

Sukulu zikamatsegulira mu September, m'madepoti a basi a ku Balaka, Kasungu, Luchenza ndi Mponela mumaoneka katundu wofanana: matiresi atsopano, opindidwa n'kumangidwa ndi malegeni, akupita ndi ana ku sukulu zogonera komweko. Makolo amakhala atagulitsa mtedza, soya kapena mbuzi kuti mwana asakagone pasimenti. Koma pali funso lomwe silifunsidwa kawirikawiri: nanga matiresi akale aja, omwe achita dzenje pakati n'kung'ambika m'mbali, amathera kuti?

Yankho lake lili kuseri kwa nyumba, m'ngalande ndi m'mbali mwa mitsinje. Mabanja ambiri akaona kuti matiresi atha, amawaponya padzala n'kuyatsa moto. Ena amadikira mdima n'kukawataya pansi pa mlatho. Njira ziwiri zonsezi zimawononga thanzi la anthu, ndiponso zimataya ndalama zomwe banja likadapulumutsa.

Matiresi omwe mabanja ambiri m'dziko muno amagonera ndi a siponji. Siponji imeneyi, yomwe akatswiri amaitcha polyurethane, ndi mtundu wa pulasitiki ndipo imachokera ku mafuta okumbidwa pansi. N'chifukwa chake siiola ngati mphasa kapena mkeka, zomwe zikatha zimasanduka manyowa. Ikagwira moto imayaka mofulumira, ndipo utsi wake wakuda umakhala ndi mpweya wa poizoni wa carbon monoxide ndi hydrogen cyanide. Utsi umenewu sudziwa malire a poloti. Umalowa m'nyumba za oyandikana nawo, momwe muli makanda, okalamba ndi odwala mphumu. Munthu wootcha matiresi pakhomo amaganiza kuti akusamala panyumba, chonsecho akudwalitsa mudzi.

Kuwataya m'ngalande nakonso n'kuputa mavuto. Matiresi amodzi akamwa madzi amalemera, amatseka kukamwa kwa kalavati, ndipo mapepala a pulasitiki ndi zinyalala zina zimaunjikana pomwepo. Mvula ikagwa, madzi osowa kolowera amasefukira mumsewu, m'mabenchi a pamsika ndi m'nyumba, ndipo zithaphwi zotsalira zimasanduka poswanirana udzudzu. Ngakhale matiresi ofika kumtaya wovomerezeka, monga wa Mzedi ku Blantyre kapena wa ku Area 38 ku Lilongwe, amakhalabe mtolo. Satheka kupsinjika ngati zinyalala zina, choncho amadya malo aakulu, ndipo a masipuling'i amakola m'makina osalaza zinyalala.

Chomvetsa chisoni n'chakuti zambiri zomwe zikuotchedwazo ndi zinthu za ntchito. Matiresi amatha pakati, pomwe pamagona chiuno ndi msana, koma kumutu, kumiyendo ndi m'mbali siponji imakhala ikadali yolimba. Amisiri a m'misika adazindikira kale zimenezi. Okonza masofa amadula siponji yakale n'kuika m'makhushoni. Matelala amaiduladula tizidutswa n'kusoka mapilo. Anyamata a kabaza amaikuta ndi nsalu n'kumangirira pakaliyala kuti wokwera asamve kuwawa. Amayi amatsukira mbale tizidutswa totsala. Matiresi aakulu otha pakati atha kudulidwa n'kutuluka aang'ono a mwana. Masipuling'i amagulidwa ndi ogula zitsulo zakale. Kumafakitale, siponji yakale imagayidwa, kusakanizidwa ndi zomatira n'kupsinjidwa kuti ikhale siponji yolimba yoyala pansi pa kapeti kapena yoika m'mipando.

Vuto n'lakuti ntchitoyi ikuchitika mwa apo ndi apo. Mmisiri amasowa siponji mpaka kukagula yatsopano yodula, pamene mtunda wa kilomita imodzi kuchokera pashedi yake wina akuyatsa matiresi atatu. Palibe mlatho pakati pa wotaya ndi wofuna.

Maiko ena adamanga mlatho umenewu ndi lamulo. Ku America, maboma a Connecticut, California ndi Rhode Island adakhazikitsa malamulo mu 2013 okakamiza makampani opanga matiresi kusamala za matiresi otha. Makampaniwo adapanga bungwe la Mattress Recycling Council, ndipo ntchito idayamba ku Connecticut mu 2015, pomwe wogula matiresi atsopano ankawonjezera madola 9 olipirira kutolera ndi kuphwasula akale. Bungweli limati magawo oposa 75 pa 100 alionse a matiresi atha kugwiranso ntchito. Ku France nakonso, kuyambira mu 2013, opanga ndi ogulitsa mipando ndi matiresi amasonkha ndalama zotolerera katundu wotha. Mfundo yake ndi yapafupi: amene wapindula pogulitsa katundu asathawe katunduyo akasanduka chinyalala.

Malawi sangakopere zonse za kumeneko, ndipo kuwonjezera mtengo wa matiresi pamene mabanja ena akugonabe pamphasa sikungakhale chilungamo. Komabe dziko lino lidaonetsa kale kuti litha kuikapo mtima pa nkhani ya zinyalala za pulasitiki. Mu 2015 boma lidaletsa mapepala a pulasitiki opyapyala, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la Supreme lidagwirizana ndi chiletsocho. Siponji ndi pulasitiki yomweyo, kungoti ndi yaikulu ndipo imatayidwa mobisa.

Pali zinthu zomwe zingatheke popanda ndalama zambiri. Makhonsolo atha kupatula kashedi kofolera pafupi ndi msika komwe anthu angasiye matiresi otha, amisiri n'kumakatenga pamtengo wochepa. Sukulu zogonera komweko, zomwe zimatsala ndi milu ya matiresi ana a Fomu 4 akamaliza mayeso, zitha kuitana okonza masofa ndi matelala m'malo mouza alonda kuti ayatse moto kuseri kwa mahositelo. Mashopu ogulitsa matiresi atha kulandira akale n'kutsitsako mtengo wa atsopano, ndipo galimoto yomwe yabweretsa katundu kuchokera ku fakitale siyenera kubwerera yopanda kanthu. Bungwe la TEVETA, lomwe limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, litha kuthandiza achinyamata kuphunzira kuyeretsa, kudula ndi kukuta siponji mwaluso. Imeneyi ndi ntchito yoti mnyamata kapena mtsikana atha kuyamba ndi mpeni wakuthwa, tepi yoyezera ndi makina osokera.

Koma apa mpofunika kuchenjeza. Kukonzanso matiresi ndi ntchito yabwino pokhapokha ikamachitika mwachilungamo. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. N'kosavuta kutenga siponji yotha, yonunkha mkodzo, kuikuta ndi nsalu yamaluwa yowala, kuikulunga m'pepala la pulasitiki n'kuigulitsa ngati yatsopano. Kholo lomwe lagulitsa mbuzi limazindikira patapita miyezi iwiri, mwana atayamba kudandaula msana. Kumeneko ndi kuba, ndipo kumaipitsa mbiri ya amisiri oona mtima. M'madera ambiri a ku America lamulo limafuna kuti matiresi okonzedwanso akhale ndi chizindikiro chouza wogula kuti mkati muli zinthu zogwirapo kale ntchito. Kuno nakonso pali lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act la mu 2003, ndiponso bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards. Chofunika n'chakuti matiresi okonzedwanso azigulitsidwa ndi dzina lake lenileni komanso pamtengo wake woyenera. Banja losauka lili ndi ufulu wosankha zotsika mtengo, koma lizisankha likudziwa chomwe likugula.

Chenjezo lachiwiri ndi la ukhondo. Nsikidzi zimabisala m'misoko ya nsalu ndi m'ming'alu ya siponji, ndipo zitha kukhala miyezi ingapo osayamwa magazi. Matiresi omwe akhala m'shedi nthawi yaitali angaoneke abwino koma ali nazo. Nsikidzi ndi mazira ake zimafa ndi kutentha kopitirira madigiri 50, choncho nsalu yakale iyenera kuchotsedwa n'kuviikidwa m'madzi owira, kapena kusinthidwa ndithu. Kuyanika padzuwa kumachotsa chinyezi ndi fungo, koma pakokha sikumaliza nsikidzi zomwe zalowa mkati. Chomwe chiyenera kutheratu ndi chizolowezi chopopera matiresi ndi mankhwala a thonje, a tomato kapena osungira chimanga. Mankhwala amenewa sadapangidwe kuti munthu azigonapo usiku wonse, ndipo mwana wogona chafufumimba amawapuma ndi kuwakhudza ndi khungu. Siponji yomwe yachita nkhungu, yomwe ikuyoyoka ngati ufa, kapena yomwe yanyowa ndi madzi osefukira osakanikirana ndi zam'chimbudzi, siyoyeneranso kugonerapo munthu. Imeneyo ipite kumtaya wovomerezeka, osati pamoto kapena mumtsinje.

Koposa zonse, njira yotchipa yochepetsera zinyalala ndi kusamala matiresi akadali abwino. Kuwatembenuza miyezi ingapo iliyonse, kumutu kupite kumiyendo ndipo pansi pabwere pamwamba, kumathandiza kuti asachite dzenje malo amodzi. Kuyala mphasa kapena matabwa pansi kumateteza ku chinyezi cha simenti ndi dothi. Matiresi a mwana wokodza pogona afunika kukutidwa ndi nsalu yosalowa madzi. Ndipo magetsi akazima, kandulo ndi koloboyi zikhale kutali ndi bedi, chifukwa siponji ikagwira moto m'chipinda chotseka, utsi umagonjetsa munthu malawi asadamufike. Pogula, makolo asamangoyang'ana kukhuthala ndi maluwa a nsalu. Siponji yolemera ndi yothinana ndiyo imakhalitsa, pamene yopepuka imatha msanga ngakhale ikhale yaikulu.

Mabanja a m'matauni ndi m'midzi ya dziko lino sadazolowere kutaya zinthu mwachisawawa. Tayala lotha limasanduka nkhwaira ndi malegeni, chitini chimasanduka koloboyi, thumba la feteleza limasanduka chikwama cha kumsika. Palibe chifukwa choti matiresi, omwe ndi amodzi mwa katundu wodula m'nyumba, azithera m'phulusa ndi utsi. Makhonsolo, sukulu ndi makampani achite mbali yawo, koma chiyambi chili pakhomo. Banja lomwe lili ndi matiresi otha lisathamangire machesi. Liyambe lafunsa telala kapena wokonza masofa wapamsika kuti angatulutsemo chiyani.