Namapopa Woyenda Dzuwa Likuswa Mtengo

Ulendo woyamba umene ndinaonera Nosferatu ndinaseka. Tinali anthu anayi m'chipinda cha ku hositelo, titaunjikana pa laputopu imodzi, ndipo kope limene tinalipeza pa YouTube linali lakuda ndi loyera basi. Penapake mkati mwa filimuyi Count Orlok, mzukwa woyamwa magazi uja, amatsika m'sitima ya pamadzi atanyamula bokosi lake la maliro m'khwapa, n'kumadutsa m'misewu ya tauni. Pa kope lathulo kunja kunali kowala bwinobwino, dzuwa likuswa mtengo. Komatu kumapeto kwa filimu yomweyo, chimene chimamupha Orlok ndi kuwala kwa m'bandakucha. Mnzanga wina anafunsa kuti, nanga masana aja bwanji sanafe? Tonse tinagwirizana kuti anthu a mu 1922 sankadziwa kupanga filimu.

Osadziwa tinali ifeyo. F. W. Murnau ndi anzake ankajambula zochitika za usiku masana chifukwa filimu ya nthawi imeneyo sinkatha kugwira chithunzi mumdima. Akamaliza, makope opita ku nyumba zoonetsera kanema ankawaviika mu utoto: wabuluu kusonyeza usiku, wachikasu kusonyeza masana. Woonera wa ku Berlin akaona buluu ankadziwa kuti kunja kwada. Makope amene anakoperedwa pambuyo pake anataya utotowo, ndipo usiku wonse wa m'nkhaniyi unasanduka masana. Tinasekanso kuthamanga kwa anthu ake, koma nakonso kuli ndi chifukwa. Mafilimu opanda mawu ankajambulidwa pa liwiro lotsikirapo, zithunzi ngati 18 pa sekondi, ndiye ukawaseweretsa pa 24, liwiro limene linakhazikika mafilimu a mawu atabwera, aliyense amaoneka ngati akuthamangira minibasi yomaliza.

Makope oipa a Nosferatu anachuluka chifukwa cha mlandu. Kampani ya Prana Film inatenga nkhani ya m'buku la Dracula la Bram Stoker popanda chilolezo, n'kungosintha mayina. Mkazi wamasiye wa Stoker, Florence, anakasuma, ndipo mu 1925 khoti la ku Germany linalamula kuti makope onse awonongedwe. Ena anali atatuluka kale m'dzikomo ndipo anapulumuka, koma ali odukaduka, ena mawu olembedwa atasinthidwa mpaka Orlok kumatchedwa Dracula. Cha m'ma 2006 Luciano Berriatúa, pogwirira ntchito bungwe la Friedrich Wilhelm Murnau Stiftung, anasonkhanitsa zidutswa kuchokera m'nkhokwe zosiyanasiyana zosungira mafilimu, nabwezeretsa utoto, ndipo nyimbo zimene Hans Erdmann anapekera filimuyi zinaikidwamonso. Kope limenelo ndi limene linatuluka pa DVD, kenako pa Blu-ray, kudzera ku Kino ku America ndi Eureka ku Britain. M'menemo Orlok amayenda usiku.

Anthu ambiri akamva kuti filimu yakale yakonzedwanso amaganiza za kuchapa: kuchotsa fumbi ndi mikwingwirima kuti zithunzi ziwale pa TV yaikulu. Kwa ine ntchito imeneyi ikufanana kwambiri ndi mlandu wa malo kwa amfumu. Pali makope angapo, lililonse likudzitcha filimu yeniyeni, ndipo wina ayenera kugamula kuti malire ali pati ndipo mwini wake ndani. Ife ophunzira za mabuku vutoli tikulidziwa. Palibe mphunzitsi angakulole kulemba za ndakatulo pogwiritsa ntchito fotokope imene ndime ziwiri zinathothoka. Koma ikakhala filimu, timatenga chilichonse chimene chili pa fulashi ya mnzathu, n'kuyamba kupereka chigamulo.

Mafilimu a mizukwa yoyamwa magazi ndi amene anazunzika kwambiri ndi lumo, makamaka aja amene sanagulitse atangotuluka koma pambuyo pake anapeza gulu la anthu owakonda kwadzaoneni. Eni ndalama ankawaona ngati katundu wotchipa woti ungamudule, kumusintha dzina, n'kumugulitsanso. Mabungwe ounika mafilimu ankawaona ngati zonyansa zoti azichepetse. Kwathu kuno sitifunika kuuzidwa kuti nkhani ya magazi si yamasewera. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi madera oyandikana nawo. Katswiri wa mbiri yakale Luise White, m'buku lake la mu 2000 lotchedwa Speaking with Vampires, anasonyeza kuti mphekesera zotere m'nthawi ya atsamunda kum'mawa ndi pakati pa Africa zinali njira imene anthu ankakambira za ntchito, zipatala ndi mphamvu za olamulira. Nkhani ya wina woyamwa mnzake magazi imakhala itanyamula katundu wolemera, ndipo woidula amadziwa chimene akutaya.

Chitsanzo chimene chimandiwawa ndi Ganja & Hess ya mu 1973. Blacula itapanga ndalama mu 1972, kampani ya Kelly-Jordan Enterprises inafuna filimu yakeyake ya namapopa wakuda. Inapatsa ntchitoyo Bill Gunn, mlembi wa masewero komanso wochita zisudzo, ndi ndalama pafupifupi madola 350,000. Gunn analandira ndalamazo koma anapanga chinthu china. Duane Jones, yemwe ambiri amamudziwa mu Night of the Living Dead ya mu 1968, amasewera ngati Dr. Hess Green, katswiri wolemera wofufuza za chikhalidwe cha anthu. Womuthandiza wake, George Meda, amene amaseweredwa ndi Gunn mwiniwake, amamubaya katatu ndi mpeni wakale wochokera ku Myrthia, mtundu wopeka wa ku Africa wa anthu omwa magazi, kenako amadzipha. Hess amadzuka alibe bala koma ali ndi ludzu losatha. Kenako pamabwera Ganja, mkazi wa Meda, kudzafunafuna mwamuna wake, ndipo Marlene Clark amasewera mbali imeneyi mwa njira yoti ukangomuona umaiwala kuti filimuyi inayamba ndi munthu wina.

Mulibe mano otuluka kunja, mulibe mileme. Muli munthu wophunzira, woyenda pa Rolls-Royce, amene akuba magazi kuchipatala ngati chidakwa chobisa botolo. Muli tchalitchi cha anthu akuda, nyimbo za Sam Waymon, mchimwene wake wa Nina Simone, amenenso amasewera ngati m'busa yemwe ndi dalaivala wa Hess. Muli funso loti munthu wakuda amene wakwera mpaka kukhala m'nyumba yodzaza zosemasema ndi zojambula za ku Ulaya, Africa akamuitana kutulo ayankha bwanji. Filimuyi imayenda pang'onopang'ono, imadumpha osakuuza, ndipo nthawi zina imakusiya uli kakasi. Sindinganame kuti ndinaimvetsa yonse ulendo woyamba.

Inasankhidwa kukaonetsedwa pa chikondwerero cha mafilimu ku Cannes chaka chomwecho, m'gawo la Critics' Week, ndipo inalandiridwa bwino. Ku New York zinali zina. Olemba ndemanga ambiri anaikana, sinakhalitse m'nyumba yoonetsera, ndipo Gunn analembera kalata nyuzipepala ya The New York Times yodandaula ndi mmene azungu olemba ndemanga ankaonera ntchito ya munthu wakuda. Eni ndalama anaigulitsa kwa kampani ina. Kumeneko filimu ya pafupifupi maola awiri inadulidwa kufika pa mphindi zosakwana 80, inasanjidwa mwatsopano kuti ioneke ngati filimu wamba yoopsa, ndipo inapatsidwa dzina loti Blood Couple. Pa matepi a vidiyo inayenda ndi mayina enanso monga Double Possession ndi Black Vampire. Gunn anaikana. Kope la filimu yake yeniyeni linasungidwa ku Museum of Modern Art ku New York, ndipo kwa zaka zambiri wofuna kuona chimene Gunn anapanga ankadalira limenelo.

Duane Jones anamwalira mu 1988, Gunn mu 1989. DVD yoyamba ya filimu yeniyeni ya Gunn inatuluka mu 1998 kudzera ku kampani yaing'ono ya All Day Entertainment, onse awiri atapita kale. Kino inatulutsa Blu-ray mu 2012 kuchokera pa ntchito yokonzanso ya Museum of Modern Art mothandizidwa ndi The Film Foundation. Mu 2014 Spike Lee anaipanganso ndi dzina loti Da Sweet Blood of Jesus, ndipo mu 2024 Library of Congress inaika Ganja & Hess pa mndandanda wa mafilimu oyenera kusungidwa monga chuma cha dziko la America. Taganizirani munthu amene anabwereka tepi ya Blood Couple m'ma 1980, naonera, nanena kuti Bill Gunn analibe luso. Munthu ameneyo anaweruza wina pa mlandu wa mnzake, monga mmene ife anayi tinachitira ndi Murnau.

Chimene ndimakonda pa Blu-ray ya Ganja & Hess n'chakuti sinayese kuikometsa. Filimuyi inajambulidwa pa filimu yaing'ono ya 16mm n'kukuzidwa kupita pa 35mm, choncho chithunzi chake chili ndi timchenga tambiri, timadontho timene timagwedezeka pankhope za anthu. Pali mapulogalamu a pakompyuta amene amafafaniza timchenga timeneti, ndipo akawagwiritsa ntchito mopyola muyezo nkhope zimasalala ngati kandulo. Pa YouTube padzaza makope a mafilimu akale amene munthu wawapaka mitundu ndi kuwasalalitsa ndi AI, n'kulembapo kuti 4K. Kumeneko ndi kudula kwa mtundu wina, kungoti lumo lake silioneka. Vampyr ya Carl Dreyer ya mu 1932 ili ndi mbali zimene zinajambulidwa dala mwachifungachifunga, ataika kansalu kopyapyala kutsogolo kwa kamera. Wofuna kuiwalitsa ndiye kuti akuchotsa chimene Dreyer ndi wojambula wake Rudolph Maté anachivutikira.

Sindikunena kuti okonzanso salakwa. Dracula ya kampani ya Hammer ya mu 1958, ya Christopher Lee ndi Peter Cushing, inadulidwa ndi ounika mafilimu a ku Britain, ndipo kwa zaka zambiri kunkamveka zoti ku Japan kunali kope lotalikirapo. Mu 2011 zinatsimikizika: mipukutu ina ya kope limenelo inapezeka ku National Film Center ku Tokyo, yowonongeka koma ili ndi masekondi amene anasowa, kuphatikizapo pamene Dracula amadzikanda nkhope ikuyoyoka dzuwa litamuwomba. Zidutswazo zinalowetsedwa mu Blu-ray ya mu 2013. Chimwemwe sichinakhalitse, chifukwa okonda filimuyi ambiri anadandaula kuti mitundu yake yapendekera ku buluu, pamene iwo ankaikumbukira ili ndi mitundu yotentha. Wolondola ndani? Wotsogolera filimuyo, Terence Fisher, anamwalira mu 1980. Chikumbukiro cha odandaulawo chinachokera pa matepi ndi pa TV, zimenenso sizinali zokhulupirika kwenikweni. Apa ndi pamene ndimaona kuti diski yabwino ndi imene imakuuza poyera kuti tinagwiritsa ntchito kope lakutilakuti, apa panasowa, apa tinachita kuganizira. Timabuku timene timabwera m'mabokosi a madiskiwa anthu amatiseka kuti ndi zokometsera malonda, koma ine ndimatiwerenga ngati mawu a m'munsi a m'buku la kafukufuku.

Chodandaula changa chachikulu chili pa chitseko. Makampani ambiri amene akugwira ntchitoyi amatulutsa madiski awo m'mabokosi okongola, owerengeka, a mtengo woti wophunzira wodalira ngongole ya boma sangauyerekeze, usanaonjezepo zotumizira. Madiski ambiri a Blu-ray amatsekedwanso ndi zigawo: America ili m'chigawo A, Africa ili m'chigawo B pamodzi ndi Ulaya, choncho diski yogulidwa ku New York ikhoza kukana kuseweredwa pa makina ogulidwa ku Johannesburg. Malaputopu ambiri a masiku ano alibe n'komwe polowetsa diski. Ndikumvetsa kuti kusikana filimu chithunzi ndi chithunzi kumadya ndalama ndipo ndalamazo ziyenera kubwerera. Komabe pali chinachake chosakhala bwino filimu yonena za ludzu, Africa ndi tchalitchi cha anthu akuda ikapulumutsidwa n'kukathera pa shelefu ya munthu wosonkhanitsa mabokosi, pamene ife tikupatsirana makope odukaduka pa fulashi. Laibulale ya yunivesite imene imagula mabuku okwera mtengo a kafukufuku wa mafilimu ikhoza kugulanso madiski ochepa ndi makina amodzi owaseweretsera. Dipatimenti yathu ili ndi projekita kale.

Pakali pano, wina akakupatsani Ganja & Hess, yang'anani kutalika kwake musanayambe kuonera. Ikakhala yosakwana mphindi 80, imeneyo ndi Blood Couple, ngakhale dzina la fayilo litanena zina. Ndipo mukaona Orlok akuyenda ndi bokosi lake kunja kuli mbee, tsekani, mufunefune kope la buluu.