Chenjezo: Musapereke Dipoziti ya Poloti Musanaone Kaundula wa Malo

Uthengawu ukupita kwa inu nonse amene mwatopa ndi lendi ndipo mwakhala mukusunga kangachepe mwezi ndi mwezi kuti tsiku lina mudzagule poloti kapena nyumba yanuyanu. Aphunzitsi, anamwino, asilikali, amayi a geni pamsika, anyamata a kabaza, ndi inu abale athu amene mukukhetsa thukuta ku Joni, imani kaye. Musatulutse ndalama imeneyo, kaya ndi theka, kaya ndi ija akuitcha yongogwirira malo, musanapite nokha ku ofesi ya zamalo kukaona dzina limene lili pa malowo. M'mizinda yathu anthu akulira, ndipo ambiri mwa iwo ndalamazo anapereka okha ndi manja awiri, akumwetulira, lisiti n'kulandira.

Chimene chikuthamangitsa anthu tonse tikuchidziwa. M'mwezi wa May 2022 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Tisanapume n'komwe, mu November 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene anali atasunga ya malata makumi atatu anadzuka m'mawa ikukwanira ochepa. Simenti, zitsulo, misomali, mapaipi, zonse zinakwera ndipo sizinatsikenso. Choncho munthu akamaopa kuti ndalama yake isungunuka ili m'banki, mantha akewo ndi oona. Vuto ndi lakuti akamberembere nawonso amamvera nkhani pa wailesi. Akudziwa kuti muli pa changu, ndipo changu chanucho ndicho akudyerapo.

Mawu awo sasintha, moti mukawamva kamodzi muyenera kuwazindikira kulikonse. "Bwana, pali wina akubwera ndi kashi mawa, ndangokusungirani inu chifukwa ndinu munthu wabwino." Kapena: "Mwini wake ali pa vuto, mwana ali m'chipatala, n'chifukwa chake akutaya motchipa chonchi." Mukafunsa mapepala, yankho limakhala lokonzeka kale: "Ali mkati, akutuluka sabata yamawa, inu ingoperekani kaye yogwirira." Malo enieni sathawa m'masiku atatu. Wogulitsa amene sakufuna kuti mukafufuze ali ndi chimene akubisa, ndipo mtengo wotsika kwambiri kuposa wa mapoloti oyandikana nawo uyenera kukuopsani.

Taonani mmene ulendo wake umayendera. Ejenti amakutengani Loweruka masana kapena Lamulungu mukaweruka ku tchalitchi, nthawi imene maofesi onse ndi otseka. Mumafika pa malo olambulidwa bwino, m'makona muli timabikoni ta simenti yosauma bwino, tina topakidwa laimu. Pamthunzi pakhala bambo wachikulire wovala jekete, ndipo mukuuzidwa kuti amenewa ndi amfumu. Mumawomba m'manja, mumapereka ulemu, iwo n'kunena kuti malowa ndi a makolo awo kuyambira kalekale. Pomwepo pamatuluka pepala long'ambidwa m'kope la sukulu, mgwirizano n'kulembedwa ndi bolopeni, mboni ziwiri zimene simukuzidziwa n'kusaina, chidindo phaa. Mumabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Patapita miyezi inayi mukubwera ndi lole ya mchenga, mukupeza wina wakumba kale maziko, nayenso ali ndi pepala lake, chidindo chomwecho, mboni zomwezo. Foni ya ejenti sikupezekanso. Chidindo, abale anga, chimasemedwa m'tauni momwemu pa mtengo wosakwana thumba la simenti.

Mfundo imene ambiri saidziwa ndi iyi: m'kati mwa malire a mzinda, mfumu kapena mkulu wa dera alibe mphamvu yogawa malo. Ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu ndi ku Zomba, malo ambiri ali m'manja mwa Unduna wa Zamalo, khonsolo ya mzinda, kapena bungwe la Malawi Housing Corporation, limene linakhazikitsidwa mu 1964. Ena ali ndi eni ake amene anawalembetsa kale m'kaundula. Sindikunyoza mafumu, ambiri ndi anthu olemekezeka ndipo kumudzi mawu awo ndi ofunika. Koma kalata ya amfumu siingakutetezeni tsiku limene khonsolo idzabwere ndi galimoto yogumula, kapena limene mwini malo weniweni adzatulukire ndi title deed m'manja. Kunja kwa mzinda nakonso zinthu zinasintha. Malamulo a zamalo amene anakhazikitsidwa mu 2016 n'kukonzedwanso mu 2022 anabweretsa makomiti oona za malo a makolo, moti munthu mmodzi, ngakhale atakhala mwinimbumba, sangangodzuka n'kugulitsa munda wa banja lonse. Mukagula kwa malume okha, adzukulu adzakupezani, ndipo mlandu wa malo m'khoti umatha zaka.

Chofunika kuchita si chovuta, kungoti chimafuna kuleza mtima ndi ndalama yochepa ya thiransipoti. Funsani nambala ya poloti ndi nambala ya title deed. Pitani nokha, osati kutuma ejenti yemweyo, ku ofesi ya kaundula wa malo ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Mzuzu, mukapemphe kuti akufufuzireni mwalamulo. Mumalipira kandalama pa kauntala, amakupatsani lisiti ya boma, ndipo chikalata chimene mumalandira chimaonetsa mwini malo, kukula kwake, ndiponso ngati malowo anaperekedwa chikole kubanki kapena pali wina amene anaikapo chiletso. Dzina la pa chikalatacho lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha amene akukugulitsani, nkhope yake muione ndi maso anu. Ngati malowo ndi a khonsolo kapena a Malawi Housing Corporation, kafunseni kumeneko, m'kati mwa ofesi, kwa wogwira ntchito wokhala pa desiki. Madobadoba oima pageti amene amati akuthandizani kuti zithamange, apatseni moni n'kudutsa. Ndipo kalata yongokulonjezani malo si umwini wa malo. Anthu ambiri agulitsidwa makalata oterewa, ena achinyengo, ena enieni koma amene nthawi yake inatha kalekale.

Mukatero, lembani saveya wovomerezeka akakuonetseni malire enieni, chifukwa zimachitika kuti mapepala ndi abwinobwino koma malo amene anakulozerani ndi ena. Kenaka bwererani panokha tsiku la m'kati mwa sabata, mukacheze ndi anthu oyandikana nawo. Mayi wogulitsa tomato pa njira yolowera kumeneko amadziwa anthu angati abwera kudzaona poloti imeneyo chaka chino, ndipo mukamugula tomato wa K500 adzakuuzani zimene ejenti sakanakuuzani.

Nyumba zomangamanga zili ndi msampha wake, makamaka za anthu omwalira. Mwana mmodzi amatenga mapepala m'sutikesi ya malemu bambo ake n'kuyamba kutsatsa nyumba, amayi ake ndi abale ake osadziwa kanthu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi wamasiye ndi ana, ndipo wogulitsa nyumba yotere ayenera kukhala ndi chikalata cha khoti chomupatsa mphamvu yoyendetsa chumacho. Popanda chikalata chimenecho mwagula mlandu. Chimodzimodzinso bambo amene akugulitsa nyumba ya banja koma sakufuna kuti muonane ndi akazi awo. Funsani kuti mayi ali kuti, ndipo ngati akuzembazemba, nyamukani.

Makampani ogulitsa mapoloti olipira pang'onopang'ono achuluka kwambiri, pa wailesi, pa Facebook ndi pa zikwangwani za m'misewu. Ena ndi achilungamo ndipo athandiza anthu. Koma ofesi yokongola ndi galimoto yolembedwa dzina si umboni wa chilichonse. Apempheni akuonetseni title deed ya malo onsewo m'dzina la kampaniyo, ndi mapu ogawa mapoloti amene akuluakulu oona za mapulani anavomereza. Afunseni kuti mukamaliza kulipira mudzalandira pepala lanji, liti, ndipo mukalephera mwezi umodzi kapena iwiri ndalama zimene mwapereka kale zidzatani. Mayankho onsewa alembedwe mu mgwirizano. Ndalama ipite ku akaunti ya kampani kubanki, osati pa nambala ya foni ya munthu.

Pali malo ena amene mapepala ake angakhale olongosoka kapena ayi, koma osayenera kumangapo n'komwe. Sitinaiwale za March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Anthu mazanamazana anafa m'chigawo cha kummwera. Ambiri mwa amene anamanga m'mphepete mwa mapiri ndi mitsinje sanachite dala, kunali kumene thumba lawo linafika. Poloti ya m'dambo imaoneka bwino mu September, fumbi lili kobo. Kaioneni mu February. Yang'ananinso kumwamba ngati pakudutsa nthambo zikuluzikulu za magetsi, ndipo mufunse ngati malowo sali m'gawo losiyidwira msewu, chifukwa tsiku lokuza msewuwo womanga m'menemo mosaloledwa sayembekezera chipukutamisozi.

Inu amene muli ku Johannesburg, ku Cape Town, ku Durban kapena kutsidya kwa nyanja, nkhaniyi ikukukhudzani koposa. Nkhani ya munthu wotumiza ndalama zaka zingapo, n'kumalandira zithunzi za nyumba ikukwera pa WhatsApp, pobwera n'kupeza kuti nyumbayo ndi ya eni ake ena, aliyense anaimvapo. Chowawa n'chakuti wodya ndalamayo sakhala mlendo, amakhala mchimwene, mlamu kapena malume, ndipo banja limakukakamizani kuti nkhaniyo ithere m'nyumba. Malo alembedwe m'dzina lanu kuyambira tsiku loyamba. Wokugulirani akhale wina, wokatsimikizira akhale wina wosagwirizana naye, makamaka loya amene mwadzipezera nokha. Musachite manyazi kupempha malisiti kwa mbale wanu. Wokwiya chifukwa mwapempha lisiti wakuuzani kale zimene mumafuna kudziwa.

Nanga pamene mukufufuza, ndalamayo ikhale kuti? Isakhale pansi pa matiresi, ndipo yonse isakhale mu foni, chifukwa anthu oimba foni monamizira kuti ndi a kampani, kapena kuti atumiza ndalama molakwitsa, akubera anthu tsiku ndi tsiku. Nambala yanu yachinsinsi musauze munthu. Banki mkhonde ndi chipereganyu zatukula mabanja ambiri, koma mphamvu yake ndi kukhulupirirana basi, ndipo December aliyense timamva za msungichuma amene wasowa tsiku logawana litayandikira. Ikaniko yochepa imene ingatayike inu n'kukhalabe ndi moyo. Amene akukulonjezani kuti ndalama yanu ibereka kawiri pa mwezi umodzi mukabweretsa anzanu atatu, ameneyo ndi wakuba, ngakhale atayamba ndi pemphero. Ya nyumba isungeni ku banki kapena ku SACCO yolembetsedwa ndi kuyang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, mu akaunti yosatapa wamba. Funsaninso kubanki kwanu za kubwereketsa boma kudzera mu ma Treasury bill a masiku 91, 182 kapena 364. Kunena zoona, chiongoladzanja chake nthawi zambiri sichithamanga ngati mitengo ya zinthu, koma kuluza pang'ono n'kosiyana ndi kuluza zonse tsiku limodzi.

Amene mukusunga dipoziti kuti banki ikukongozeni yotsalayo, khalani pansi ndi cholembera musanasaine. Mu February 2024 Reserve Bank inakweza chiongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki akamakongoza munthu wamba amaonjezera pamwamba pake. Tingoyerekeza: ngongole ya K20 miliyoni pa 30 peresenti ndiye kuti chiongoladzanja chokha ndi K6 miliyoni pa chaka, K500,000 pa mwezi, musanayambe n'komwe kubweza ngongole yeniyeniyo. Chiongoladzanjacho chimatha kukwera muli pakati pa ulendo, ndipo mukalephera nyumba imagulitsidwa, dipoziti ya zaka zanu zonse n'kupita nayo. Kumbukiraninso kuti pa mtengo wa nyumba pamabwera za loya, za woyesa mtengo wa nyumba, msonkho wa boma posintha umwini, inshuwalansi, ndi ngongole za malo kapena za khonsolo zimene mwini wakale anasiya. Dipoziti ikaperewera, dikirani. Kukatenga katapila kuti mukwaniritse ndi kudzimangirira chingwe pakhosi.

Tsiku lolipira likafika, musanyamule ndalama m'chikwama kupita nazo ku malo omwera kapena m'galimoto ya munthu. Lipirani kudzera kubanki, ku akaunti ya dzina lomwe lili pa title deed, mgwirizano utalembedwa ndi loya, ndipo gawo lomaliza lidikire mpaka mapepala osinthira umwini atasainidwa.

Ngati mukuwerenga izi mutapereka kale ndipo mtima wayamba kukayika, lekani kulipira lero lomwe, ngakhale akuopsezeni kuti yoyambayo ipita. Sonkhanitsani malisiti, mauthenga a pafoni, manambala amene munatumizako ndalama ndi zithunzi za malowo. Kafufuzeni ku kaundula mawa m'mawa, ndipo mukapeza kuti dzina ndi la wina, pitani kupolisi tsiku lomwelo mukadandaule. Amene simungakwanitse kulipira loya, ofesi ya Legal Aid Bureau ilipo chifukwa cha anthu ngati inu. Mukapeza mnzanu amene anagulitsidwa poloti yomweyo, musamenyane naye kapena kumugumulira maziko, chifukwa mudzasanduka wolakwa ndinu. Tenganani, mupite limodzi kupolisi ndi mapepala anu onse awiri.