Nyumba ya Mabuku pa Kaseye: Kodi Tidikira Yani?

Abale ndi alongo a pa Kaseye ndi midzi yonse yozungulira, mwezi uno tifuna kutsutsana ndi mau amene azika mizu pakati pathu. Mauwo ndi awa: "Adzatipatsa." Ikachulidwa nkhani ya nyumba ya mabuku, imene ena aicha laibulale, yotsegukira munthu ali yense, mlimi, mai wa ana, mnyamata wosiya sukulu ndi nkhalamba yomwe, anthu abvomera msanga kuti ndi cinthu cokoma. Koma mukafunsa kuti adzaumba njerwa ndani, adzagula mabuku ndani, adzasunga kiyi ndani, pomwepo maso onse apenya kumseu. Wina ati Boma, wina ati phungu wa ku Nyumba ya Malamulo, wina ati Ambuye Episkopi a ku Karonga, wina ati azungu a mabungwe. Ife tinena poyera kuti nyumba ya mabuku yodikira mlendo siidzamangidwa; ndipo ingakhale imangidwe, siidzakhalitsa.

Taonani m'mene zinthu ziriri. Kuyambira caka ca 1994, pamene sukulu ya pulaimale inakhala yaulere, ana odziwa kuwerenga acuruka m'midzi mwathu koposa kale lonse. Pa Kaseye pomwe pali sukulu ya sekondale ya atsikana, pali cipatala, pali aphunzitsi ndi anamwino. Owerenga alipo, koma cowerenga ciri kuti? Mabuku a m'sukulu ndi a ana a sukuluyo, ndipo mwana akaturuka m'sukulu awasiya komweko. Abwerera kumudzi, apita zaka zitatu osagwira buku, ndipo kuwerenga kwace kucita dzimbiri monga khasu logonera kumvula. Makolo anabvutika kumgulira yunifolomu ndi makope zaka zisanu ndi zitatu, ndipo zonsezo zitayika cifukwa ca kusowa cipinda cimodzi ca mabuku.

Ena ati, "Buku sadya." Anthu otere tiwakumbutse za mwana wa dziko lino la Chitipa. Legson Kayira anabadwira ku Mpale, kwa Nthalire, m'banja losauka, naphunzira ku Livingstonia. Mu Okutobala 1958 ananyamuka wapansi, atatenga kankhwangwa, bulangete, Baibulo ndi buku la John Bunyan la Pilgrim's Progress, kukafuna maphunziro ku America. Anayenda miyezi yambiri, akugwira ganyu m'njira, kufikira anafika ku Kampala m'dziko la Uganda. Kumeneko analowa m'nyumba ya mabuku, napeza buku la maina a masukulu akuru a ku America. Analembera kalata sukulu ya Skagit Valley College, ndipo anamyankha kuti abwere. Ndalama za ndege analibe. Anamsonkhera ndi ana a sukuluyo pamodzi ndi anthu wamba a mumzinda wao, amene sanamuonepo nkhope. Anakwera ndege ku Khartoum nafika ku America mu Disembala 1960, ndipo mu 1965 anasindikiza mbiri yace, I Will Try, imene inawerengedwa m'maiko ambiri.

Tsono lingalirani bwino. Miyendo inamfikitsa ku Kampala, koma cimene cinamtsegulira khomo ndi buku limodzi la pa thabwa, m'nyumba imene munthu wosauka aloledwa kulowa osalipira. Mnyamata wa ku Chitipa anayenda caka cathunthu ndi miyezi kuti apeze buku lotere. Kodi adzukulu athu nawonso ayende kufikira ku Uganda?

Ndiponso ku Wimbe, m'dziko la Kasungu, William Kamkwamba analeka sukulu ya sekondale pa njala ya 2001 ndi 2002, atate wace atasowa fizi. Iye sanangokhala pabwalo kusewera bawo. Anapita ku kanyumba ka mabuku ka pa sukulu ya pulaimale, napeza buku lochedwa Using Energy, naona cithunzi ca makina a mphepo. Ndi mitengo ya bulugamu, zitsulo za njinga ndi zotayidwa zina anamanga makina amene anayatsa magetsi m'nyumba ya makolo ace. Kanyumbako kanali kakang'ono, mabuku ace owerengeka. Buku sadya, inde. Khasu nalonso sadya, koma palibe wanzeru alitaya.

Ena ati, "Masiku ano zonse ziri pa foni." Tifunse: foniyo iri m'thumba la yani? Iri m'thumba la atate, ndipo atate ali kumsika. Ifuna moto, ifuna mayunitsi, ndipo mayunitsi akatha nzeru zace zitsekeka. Buku ligulidwa kamodzi, liwerengedwa ndi ana makumi asanu, ndipo silifunsa kanthu koma dzanja loyera ndi denga losadontha. Foni sitiikana, nyumba ya mabuku ikakula idzakhalanso ndi kompyuta ndi magetsi a dzuwa. Koma m'mera mpoyamba.

Tibwere tsono kwa iwo onena kuti tidikire otipatsa. Sitinyoza thandizo. Bungwe la Boma la National Library Service, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, limathandiza malo owerengera a kumidzi ndi mabuku, ndipo tiyenera kugogoda pakhomo pace. Koma wopatsa wanzeru ayamba wafunsa kuti mwini wace wacitapo ciani. Panali munthu wacuma cambiri, Andrew Carnegie, wobadwira ku Dunfermline m'dziko la Scotland, amene ndalama zace zinamanga nyumba za mabuku zoposa 2,500 pakati pa 1883 ndi 1929. Iyeyo anali ndi lamulo lace: mzinda wofuna nyumba upereke malo, ulonjeze kuti caka ndi caka udzasonkha limodzi la magawo khumi a mtengo wa nyumbayo poisamalira, ndipo khomo likhale lotsegukira onse kwaulere. Anadziwa kuti kumanga nkwapafupi, kusunga ndiko kubvuta. Ife tomwe taona mijigo yoperekedwa ndi alendo itangoima, cifukwa ca kacitsulo kamodzi kamene palibe anadziyesa mwini wace wa kukagula. Mlendo ndi mame. Dzuwa likakwera apita, ndipo otsala ndife.

Palinso cina. Wolandira sasankha. Katoni yocokera kutali ingadze ndi mabuku abwino, ingadzenso ndi mabuku a malamulo a dziko lina ndi nkhani za cisanu cimene ana athu sadzaciona. Ife tifuna mabuku a ulimi wa cimanga, nyemba, mpendadzuwa ndi khofi. A matenda a ng'ombe ndi nkhuku. A kulera ana. A mayeso a Fomu 4. A nthano ndi mbiri m'ciCewa ndi ciTumbuka. Mabuku otere adzawasankha ndi amene waturutsa ndalama yace.

Nanga ndalamayo icokera kuti, popeza ndife osauka? Icokera kumene zicokera ndalama za maliro, za ukwati ndi za malata a chalichi. Tawerengani nafe. Mabanja 300 atapereka ndowa imodzi imodzi ya cimanga pa masika, ndowa zitatu zikudzaza thumba, apo pali matumba 100. Wopanda cimanga apereke nyemba, mtedza, nkhuku, kapena tsiku limodzi la kuumba njerwa. Zosonkhazo zisagulitsidwe mothamanga kwa mavenda pa nthawi yokolola, pamene mtengo uli pansi. Magulu a banki mkhonde, pogawana ndalama kumapeto a caka, apatule mtengo wa buku limodzi. Ana athu ogwira nchito ku Mzuzu, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg, pobwera kumudzi pa Khirisimasi, aike buku m'cikwama pamodzi ndi shuga ndi sopo. Pang'ono pang'ono ndi mtolo. Koma cikhale ca caka ndi caka, cosati phwando la tsiku limodzi loti tiombe m'manja ndi kuiwala.

Tidziwa cimene ciri m'mitima ya ambiri: "Ndalama zathu zidzadyedwa." Mantha amenewa ngoona, pakuti makomiti odya zosonkha alipo. Koma mankhwala a mbewa si kuleka kulima. Ndiwo kumanga nkhokwe yabwino. Wosunga cuma asakhale mbale wa wapampando. Ndalama isaturuke popanda anthu atatu kulemba maina ao. Mwezi uli wonse kaundula wa zolowa ndi zoturuka awerengedwe mokweza pamaso pa anthu, ndipo pepala lace likhomedwe pacitseko. Komitiyo ikhale ya amuna ndi akazi, a mipingo yonse ndi osapemphera omwe, mafumu akuyang'anira. Pakuti nyumbayi ikachedwa ya mpingo umodzi, theka la mudzi lidzaima panja.

Tsopano tifika pa cironda ceniceni. Matenda alowa m'dziko, dzina lace alawansi. Munthu aitanidwa ku msonkhano wokonza mudzi wace womwe, ndipo asanakhale pansi afunsa, "Kodi pali kangacepe?" Abale, manda tikumba osafunsa malipiro. Wodwala timnyamula usiku kunka naye ku cipatala osafunsa malipiro. Amai aphika pa maliro masiku awiri, utsi uli m'maso, osafunsa malipiro. Nanga bwanji nchito ya akufa tiigwira mwaulere, koma nchito ya ana amoyo tiiikira mtengo?

Nyumba ya mabuku iima pa munthu wokhala pakhomo. Popanda iye mabuku ali ndi adani asanu: ciswe, mbewa, mvula, moto, ndi wobwereka wosabweza. Moto tinauona mu Disembala 2015, pamene nyumba ya mabuku ya Mzuzu University inapsa ndi mabuku ngati 45,000. Koma ciswe ndi wobwereka wosabweza atha mabuku mwakacetecete, popanda wopfuula. Pafunika munthu wotsegula pa ora lodziwika, wolemba m'kaundula dzina la wobwereka ndi tsiku lobweza, wosesa, woika matabwa a mabuku patali ndi khoma ndi pansi, womata tsamba long'ambika, wothandiza mwana kupeza buku la msinkhu wace. Sitinena kuti munthu mmodzi asiye munda wace nakhale pamenepo sabata lonse. Kumeneko nkumcimwira, pakuti mutu umodzi susenza denga. Apezeke anthu asanu ndi mmodzi, yense madzulo ace amodzi pa sabata: aphunzitsi opuma nchito, anyamata ndi atsikana odikira zotsatira za mayeso, amai a m'mabungwe a mpingo. Ndipo pa nthawi yopalira, mudzi ukawathandize m'minda mwao. Amenewo ndiwo malipiro oyenera, ndi ulemu umene.

Cotsiriza ndi ici: tiitane olemba mabuku. Ana ambiri ayesa kuti buku licokera kunja monga galimoto, ndi kuti wolemba ndi mzungu kapena munthu wakufa kale. Sadziwa kuti Samuel Ntara, amene buku lace la Nthondo linapambana mpikisano wa zilankhulo za mu Afirika ndi kusindikizidwa mu 1933, anali mphunzitsi wa Mishoni ya Nkhoma, mwana wa m'mudzi monga iwo. Mwana akaona wolemba ndi maso, akamva mau ace, akamfunsa kuti anayamba bwanji, mtima wace uti, "Inenso ndingathe." Alembi alipo, ali ndi bungwe lao la Malawi Writers Union, ndipo mseu wa tara wocokera ku Karonga unafika ku Chitipa. Kamodzi pa caka tingathe kulipira ulendo wa mmodzi, kumpatsa pogona ndi nsima ya nkhuku.

Koma tsikulo lisaonongeke monga aonongekera masiku ambiri. Tidziwa mwambo wace: mlendo wolemekezeka acedwa maora atatu, akuru asanu ndi awiri alankhula motsatana, ana apsa ndi dzuwa, ndipo wolemba apatsidwa mphindi khumi anthu atatopa. Iai. Mfumu ilonjere mwacidule, wolemba awerenge, ana afunse, ndipo akuru akhale cete amve. Tisampemphenso mabuku aulere. Tigule, pakuti wolemba nayenso adya, ndipo anthu osagula mabuku asadandaule kuti mabuku a cilankhulo cao asowa.

Ndipo alembi ena tiri nao pompano, angakhale sanagwirepo colembera. Dziko la Chitipa liri ndi zilankhulo zambiri, ciLambya, ciNdali, ciSukwa, ciNyiha ndi zina, koma mabuku ace ngocepa ndithu. Nkhalamba zodziwa mbiri ya mafumu, maina a mitengo ya mankhwala, miyambi ndi nthano zikutha caka ndi caka. Pa tsiku la olemba, agogo akhale pampando pambali pa mlendo, asimbe m'cilankhulo cao, ana a sekondale alembe m'makope, ndipo makopewo asungidwe pa thabwa ndi dzina la wosimba. Buku lotere palibe bungwe la kunja lingatitumizire, cinkana tidikire zaka zana.

Tsono mau athu kwa mafumu, akuru a mipingo, aphunzitsi ndi makolo ndi awa. Musayambe ndi kalata yopempha. Yambani ndi cipinda cimodzi cosadontha, cingakhale cobwereka, matabwa anai, kaundula, maina asanu ndi limodzi a osunga kiyi, ndi ndowa za masika ano. Zimenezi zikaoneka, lembani kalata ku Boma ndi kwa ena onse, ndipo mudzalemba monga eni nyumba oitana anzao ku dima, osati monga opempha pamseu. Anthu a ku Skagit Valley anasonkhera mwana wa ku Chitipa amene sanamdziwa. Ana amene tinena ife tiwadziwa maina, tidya nao m'mbale imodzi. Pa msonkhano wa mudzi ukudzawu, wina aimirire nachule tsiku loumba njerwa.