Imeneyo ndi Juga Basi

A Mkonzi,

Wolemba wanu wina akuti masewero a fantasy a tsiku limodzi n'chimodzimodzi ndi Fantasy Premier League. Ayi ndithu. Ku FPL umalowa ulere n'kumasamalira timu yako kuyambira Ogasiti mpaka Meyi. Ukagonja, anzako amangokuseka basi. Koma ku masewero a tsiku limodzi a DraftKings ndi FanDuel umayamba walipira, kenako n'kusankha osewera a tsiku lomwelo. Kukamacha ndalama zapita, kampani yatapapo zake, foni ikukuitananso kuti ubwezere.

Akuti zimafuna luso. Luso lanji lingaletse wosewera wako kuvulala mpira utangoyamba? Akuluakulu oyang'anira juga ku Nevada, kwawo kwa makasino, adagamula mu 2015 kuti masewerowa ndi juga yofunika chiphaso. Chonde, musasocheretse owerenga.

Wowerenga wokhudzidwa